KUKOMETSA MSEU WA KU MUA NDI KUSUNGA MBIRI YACHE

Munthu wochokera ku Dedza kapena ku Lilongwe amene afuna kupita ku nyanja kudzera ku Golomoti amasiya mseu waukulu wa M1 pa Masasa, natsata mseu wotsika phiri umene anthu amautcha Khwekhwelere. Mseu umenewu ukhota uku ndi uku, ndipo woyendetsa galimoto ayenera kutsika nao pang'onopang'ono. Boma la Dedza lili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita 474 okha. Chifukwa chache munthu amene ananyamuka m'mawa atavala jekete amafika pa Golomoti thukuta lili kamukamu. Pa makhota ena, tsiku lopanda nkhungu, maso amafika kutali ndithu: chigwa chonse cha Bwanje, minda ya anthu, mapiri a kutsidya kwa chigwa, ndi madzi a nyanja alikunyezimira.

Patsinde pa phiri mseuwu ukumana ndi mseu wa m'mbali mwa nyanja, wa M5. Wokhotera kumpoto apeza njira yolowera ku Mua, kenaka Mtakataka, Chipoka ndi Salima. Wofuna ku Monkey Bay atsata mseu wa M10 wolunjika kum'mawa. Kuyambira pamene mseu wa m'phiriwu unathiridwa phula m'zaka zoyamba za m'ma 2000, alendo odzera kuno achuluka, ndipo ambiri amaima panjira kuti aone dziko ndi kugula kanthu.

Nkhani ino ilikufotokoza zinthu ziwiri zimene anthu a m'mbali mwa mseu umenewu akhala alikuchita, ndi zimene midzi ina ingatengereko nzeru: kubwezera mitengo panjira, ndi kusunga mbiri ya malo amene mseu udzeramo. Poyamba zioneka ngati nchito ziwiri zosiyana, koma owerenga adzaona kuti ili nchito imodzi.

VUTO LIMENE LILIPO

Chigwa cha Golomoti, Mua ndi Mtakataka ndi dziko lotentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala udzu umauma, mitsinje ing'onoing'ono imasanduka mchenga, ndipo mai wopita ku chipatala cha Mua ndi mwana kumbuyo amayenda mtunda wautali alikufunafuna mthunzi. Nkhalamba za kuno zimanena kuti kale sizinali chomwechi, pakuti phiri lonse linali thengo logudira, ndipo panjira panali mbawa, misangu ndi mikuyu yopumulirapo.

Mitengo yambiri yapita ndi nkhwangwa. Ina inadulidwa potsegula minda, ina powotcha njerwa, koma yambiri inatha ndi makala. Mseu wabwino umene unabweretsa alendo unabweretsanso malole ogula makala, ndipo matumba amene amaimikidwa m'mbali mwa njira ndiwo mitengo ya m'phiri imene inali kugwira nthaka. Munthu wowotcha makala sachita izi chifukwa cha nkhanza. Kawirikawiri imakhala njala, kapena ndalama za sukulu ya mwana. Koma chimene chimatsatira chimagwera mudzi wonse, iye yemwe pamodzi.

Mvula ikagwa pa phiri la mitengo, masamba ndi mizu zimaichedwetsa, ndipo madzi amalowa pansi nadzatuluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Ikagwa pa phiri loyera, madzi amatsika tsiku lomwelo atanyamula dothi ndi miyala. Amatseka ngalande za mseu, amakumba kunsi kwa milatho, ndipo mitsinje ya Livulezi, Namikokwe, Nadzipokwe ndi Nadzipulu imasefukira m'minda ndi m'midzi. Mvula ikatha, mitsinje yomweyo imaphwa msanga.

Alimi a mpunga a ku Bwanje ndiwo adziwa bwino za ichi. Minda yao yothirira, ya mahekitala 800, inakonzedwa ndi thandizo la boma la Japan, ndipo madzi ache amachokera mu mtsinje wa Namikokwe. Mu 2018 kunatsirizidwanso damu lalikulu losungira madzi a m'chilimwe. Koma mchenga wotsika m'phiri ukadzaza ngalande ndi damu, ndalama zonse zimene zinalowa pamenepo zidzakhala zitapita pachabe. Anthu a dziko lino anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre ndi m'mapiri ena a kumwera, nizikwirira nyumba ndi anthu omwe. Munthu wokhala patsinde pa phiri sayenera kuiwala chaka chimenecho.

Pamodzi ndi mitengo palikutayikanso chinthu china. Mtengo wakale sukhala mtengo chabe. Pansi pa mkuyu wina mpamene mfumu yoyamba inaweruzira milandu, pa mlambe wina mpamene apaulendo anali kugona, ndipo msitu wina ndi manda a eni mudzi. Mtengo wotere ukagwa, ndi nkhalamba yodziwa nkhani yache ikamwalira, ana amadutsa pamalopo osadziwa kanthu.

MBIRI YA DZIKO LIMENE MSEU UDZERAMO

Ndi malo owerengeka m'Malawi amene ali ndi mbiri yochuluka ngati chigwa chimenechi.

Pamwamba pa phiri, m'mapanga a ku Chongoni, muli zithunzi zojambulidwa pa miyala. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene anakhala m'dziko muno Achewa asanafike, ndipo zoyera zinajambulidwa ndi Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi ya Nyau. Malo otere alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawalemba m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Kumunsi, pafupi ndi Mtakataka, kuli malo otchedwa Mankhamba, kumene kunali likulu la Amaravi pansi pa ufumu wa Kalonga. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo napeza mapale a miphika, zitsulo, mkuwa, minyanga ya njobvu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndi zidutswa za mbale za ku China. Zimenezi zisonyeza kuti zaka mazana angapo zapitazo anthu a kuno anali kuchita malonda ndi maiko akutali, Mzungu asanaponde m'chigwa muno. Dr Juwayeyi anasindikiza zimene anapeza m'buku mu 2020. Koma anthu ambiri amene amapita pa M5 tsiku ndi tsiku sadziwa kuti alikudutsa pafupi ndi mudzi wa Kalonga.

Pambuyo pache kunafika Ayao ndi malonda ao a minyanga ndi nsalu, ndipo m'masiku amenewo njira za m'mbali mwa nyanja zinaonanso akapolo alikutengedwa kupita kum'mawa. Mu 1866 Dr David Livingstone anazungulira kumwera kwa nyanja nakwera mapiri a Kirk Range pa ulendo wache wotsiriza. Angoni a kwa Maseko anakhazikika pa phiri la Domwe. Atamwalira Inkosi Chikuse mu 1891 kunabuka nkhondo pakati pa Gomani ndi Kachindamoto, ndipo Kachindamoto ndi anthu ache anatsikira ku chigwa nakhala ku Mtakataka, kumene kuli likulu la ufumuwo kufikira lero. Pa mpando umenewo mpamene panadzakhala Inkosi Theresa Kachindamoto mu 2003, amene anamveka dziko lonse lapansi chifukwa cha kumasula maukwati a ana ndi kubwezera anawo ku sukulu.

Ansembe a White Fathers anayamba afika kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, koma anachokako mu 1891. Atabweranso m'dziko muno anamanga mahema ao pa Mua mu 1902, m'masiku amene mai Nyathei anali kusunga ufumu wa Kachindamoto, mwini mpando ali wamng'ono. Mishoni ya Mtakataka inatsegulidwa mu 1908, ndipo ya Bembeke, pamwamba pa phiri, mu 1910. Mu 1927 pa Mua panayambidwa malo osamalira odwala khate. Njanji yochokera ku Blantyre inadzera pa Golomoti ndi Chipoka nifika ku Salima mu 1935. Ndipo masiku ano woyenda panjira amaona pa Golomoti munda waukulu wa magalasi otchera dzuwa, wopanga magetsi okwana mamegawati 20, umene unayamba nchito mu 2022. Dzuwa lomwe lija lootcha apaulendo tsopano lilikuunikira nyumba za anthu.

ZIMENE ANACHITA A KU MUA

Anthu a ku Mua ndiwo anayamba kusonyeza kuti mbiri ikhoza kusungidwa pamalo pamene inachitikira. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, anafika m'Malawi mu 1967, naphunzira chinenero ndi miyambo kufikira anapatsidwa mfunda wa Chisale. Mu 1976 anayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art, dzina lochokera ku mathithi a mtsinje wa Nadzipokwe amene ali pafupi ndi mishoni. Anayamba ndi amisiri osema owerengeka a m'midzi yozungulira. Iwo anaphunzitsa anzao, anzaowo naphunzitsa ana ao, ndipo zosema za ku Mua zinafika m'matchalitchi ambiri a m'Malawi ndi kunja komwe, monga ku Vatican ndi ku Munich m'dziko la Germany.

Pambuyo pache anamanga nyumba yosungiramo zakale, naitcha Chamare, dzina limene anthu a kuno anali kutchulira Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene anakhala pa Mua zaka zambiri. Pa zipupa zache zakunja anajambulapo mbiri ya dziko lino, kotero kuti ndi munthu wosadziwa kuwerenga yemwe akhoza kuitsata ndi maso poyenda mozungulira nyumbayo. M'katimo muli zipinda zitatu zofotokoza za mishoni ndi za moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa kufikira kumanda, pamodzi ndi nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400.

Pano pali phunziro. M'zaka za m'ma 1920 panali udani waukulu pakati pa mishoni ya Mua ndi anthu a Nyau, pa nkhani ya ana a sukulu ndi ya maliro, ndipo milandu inafika kwa Bwanamkubwa. Koma patapita zaka, pamalo pomwepo mpamene panadzasungidwa mbiri ya gule ameneyu, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamlemekeza monga chuma cha anthu onse. Ichi sichikadatheka akadapanda kuvomera akuluakulu a kudambwe, amene anafotokoza zoyenera kufotokozedwa nasunga zoyenera kusungidwa. Kwa zaka zambiri midzi yozungulira yakhala ilikusonkhana pa Kungoni m'mwezi wa Ogasiti kudzavina magule a mitundu yonse itatu pa bwalo limodzi.

Mlendo wofika pa Kungoni amaonanso chinthu china. Atayenda m'dzuwa la panjira amalowa m'malo ozizira bwino, a mitengo ndi maluwa, m'mbali mwa mtsinje. Mitengo imeneyo sinagwe kumwamba. Inabzalidwa ndi kutetezedwa ndi manja a anthu, pa nthaka yomweyo ndi mvula yomweyo imene midzi ina yonse ya m'chigwa ili nayo.

Pa Khwekhwelere napo pali amisiri. Anyamata a m'midzi ya m'phirimo amasema timagalimoto, tinjinga, tindege ndi timathirakitala ta mitengo, naika pa timatebulo m'mbali mwa njira. Nchito yao ndi yosalala kwambiri, ndipo alendo ambiri amaima chifukwa cha iwo. Amisiri osema ndiwo oyamba kuzindikira kutha kwa mitengo, pakuti mlombwa, mbawa ndi phingo zimene kale zinali kuseri kwa nyumba tsopano afuna ulendo wautali kuti azipeze. Mtengo umodzi wosemedwa bwino ukhoza kudyetsa banja nthawi yaitali, koma mtengo womwewo ukapita ku makala umatha m'masiku owerengeka.

KABZALIDWE KA MITENGO YA PANJIRA

Boma linayamba tsiku lobzala mitengo mu 1976, ndipo masiku ano pali nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo chaka ndi chaka. Masukulu, mipingo ndi makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe amabzala mitengo yambiri m'nyengo imeneyi. Koma aliyense adziwa kuti yambiri siifika chaka chachiwiri. Imafa ndi mbuzi, chiswe, moto ndi dzuwa. Chifukwa chache mudzi usawerenge mitengo imene wabzala, koma imene ili moyo pofika Okutobala.

Choyamba ndi kusankha mtengo woyenera malo ache. Paini amene akula bwino ku Dedza sangapirire kutentha kwa ku Golomoti. M'chigwa muyenera bwemba, mbawa, msangu, mthethe, nimu, keshya, mango, masau ndi tsanya. Msangu ndi bwenzi la mlimi, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene chimanga chifuna dzuwa, nuphukanso m'chilimwe pamene anthu ndi ng'ombe afuna mthunzi. M'mbali mwa mitsinje muyenera mbawa, mikuyu ndi nsungwi. Bulugama asabzalidwe pafupi ndi kasupe kapena chitsime, pakuti amamwa madzi ambiri. Pa magomo amene anasemedwa popanga mseu, udzu wa vetiva wobzalidwa m'mizere yopingasa umagwira dothi msanga koposa mtengo uliwonse.

Chachiwiri ndi nthawi. Nazale iyambe mu Ogasiti kapena Seputembala, pafupi ndi madzi, kuti mbande zikhale zitakhwima pofika mvula. Maenje akumbidwe mvula isanagwe, akuya ndi otambalala ngati mkono wa munthu wamkulu kuchokera pa chigongono, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa ophika bwino. Kuwokera kuchitike mvula itakhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. Mbande yowokedwa mu Malichi m'dziko lotentha ngati ili imapezana ndi chilimwe mizu yache isanapite pansi. M'mera m'poyamba.

Chachitatu ndi chitetezo. Mtengo uliwonse ufuna mpanda wache wa minga kapena wa nsungwi kufikira utatalika kupitirira pakamwa pa mbuzi. Patsinde pache pakhale kabeseni kosunga madzi, kophimbidwa ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde kuopa chiswe. Mu Meyi ndi Juni, udzu usanaume kwenikweni, alambule mozungulira kuti moto wa osaka mbewa usafikepo. Njira imene yaoneka yothandiza m'malo ambiri ndiyo kupatsa mtengo uliwonse mwini wache: banja lakuti, kapena mwana wa sukulu wakuti. Mtengo wa anthu onse ulibe wouthirira.

Chachinai, ndipo ichi nchosavuta koposa zonse, ndi kulera zitsa. M'phiri ndi m'minda muli zitsa zambiri za mitengo yachilengedwe zimene zimaphuka chaka ndi chaka, anthu namadula mphukirazo polima. Mlimi akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chimodzi, nadulira zinazo, naziteteza ku moto, zimakula msanga kupambana mbande ya ku nazale, chifukwa mizu yache ili pansi kale. Alimi a dziko la Niger, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, anayamba njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980, ndipo anabwezera mitengo pa mahekitala mamiliyoni angapo, yambiri mwa iyo misangu. Dziko lao ndi louma koposa la Mtakataka.

MALAMULO A MSEU NDI A NKHALANGO

Asanakumbe dzenje loyamba, anthu ayenera kudziwa kuti mseu uli ndi malo ache. Pa mseu waukulu ngati M5 malo a mseu amafika mamita 30 mbali iyi ndi mbali inayo kuchokera pakati pache, ndipo amayang'aniridwa ndi a Roads Authority. Nyakwawa ndi komiti yache ayambe aonana ndi a khonsolo ya Dedza ndi mlangizi wa za nkhalango, kuti awasonyeze poyenera kubzala. Mtengo usabzalidwe pa khota pamene ungatseke maso a woyendetsa galimoto, kapena m'ngalande, kapena kunsi kwa mawaya a magetsi, kapena pafupi kwambiri ndi phula pamene mizu ingalitukule. Pa Khwekhwelere, pamene makhota ali ambiri, ichi nchofunika koposa. Ogulitsa malonda nao asankhe malo otambalala pamene galimoto ikhoza kuima yonse kunja kwa mseu.

Nkhalango ya Mua-Livulezi ndi yotetezedwa ndi Boma. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, liletsa kuwotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala popanda chiphaso. Koma lamulo lomwelo lipatsa mudzi mphamvu ya kupatula nkhalango yaoyao ndi kuikira malamulo ache. Mudzi umene uli ndi nkhalango yache umapezamo nkhuni zouma, bowa, mankhwala, udzu wofolerera ndi uchi, ndipo mng'oma wa njuchi umapatsa mwini wache ndalama chaka ndi chaka mtengo uli chiimire.

Ena adzafunsa kuti, kodi iyi si thangata wabweranso? Funso limeneli nloyenera, pakuti makolo a anthu ambiri analambula miseu ndi kunyamula machila mokakamizidwa, phindu lili la ena. Kusiyana kwache nkwakuti pa nchito iyi mudzi ndiwo upangana, ndiwo usankha malo, ndipo mthunzi, zipatso ndi madzi zikhala za mudzi womwewo. Nchito yokhazikitsidwa pa bwalo, amuna ndi akazi atalankhulapo, imakhalitsa. Yolamulidwa ndi munthu mmodzi imatha tsiku limene iye wachoka.

NCHITO YA APHUNZITSI

Pa kusunga mbiri, palibe amene angathandize koposa mphunzitsi. Safuna ndalama zambiri. Kope limodzi ndi cholembera zikwanira. Atapempha chilolezo kwa mfumu, atenge ana a makalasi apamwamba napite nao kwa agogo a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, pakuti pakati pa Achewa mbiri ya mbumba imasungidwa ndi amai. Mafunso akhale apafupi. Mudzi uno unachokera kuti? Anayamba kukhala pano ndani? Dzina la mtsinje uwu, la phiri ili, la dambo ili litanthauzanji? Njira yakale yokwera ku Bembeke inadzera pati mseu usanabwere? Ndani anagwira nchito pa njanji? Chaka cha njala ya 1949 anthu anapulumuka bwanji?

Polemba asunge zinthu zitatu. Alembe dzina la wonena ndi tsiku limene ananena. Alembe mau monga anatulukira, osawakometsa. Ndipo nkhalamba ziwiri zikasiyana, alembe zonse ziwiri, osaweruza, chifukwa nkhani za malire ndi za ufumu zikhoza kuutsa mlandu umene unagona kale. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ache, ndipo mwana wa sukulu asatumidwe kukafunsa zimene sayenera kumva. Kope likadzaza, lina likhale pa sukulu ndi lina kwa mfumu, kuti chiswe kapena moto zikaononga limodzi, linalo litsale.

Pamene malo a mbiri adziwika bwino, mudzi ukhoza kuikapo chizindikiro. Sichiyenera kukhala chipilala chodula. Mulu wa miyala womangidwa ndi simenti, kapena thabwa losemedwa ndi mmisiri wa komweko, lokhala ndi dzina la malo ndi mau owerengeka m'Chichewa, zikwanira. Pambali pache pabzalidwe mtengo wokhalitsa, monga mkuyu, bwemba kapena mlambe. Ku Nkhotakota kuli mkuyu umene anthu amasonyeza alendo kuti ndi pamene Dr Livingstone anakomana ndi Jumbe, ndipo mtengo umenewo wasunga nkhaniyo zaka zoposa 150 popanda wolipidwa.

Munthu akapeza mapale akale, mikanda, ng'anjo yosungunulira chitsulo kapena mafupa polima kapena pokumba dothi la njerwa, asazitole ndi kuzigulitsa kwa alendo. Lamulo liteteza zinthu zotere. Adziwitse mfumu, ndipo mfumu idziwitse Bwanamkubwa, kuti akatswiri a Boma a za zinthu zakale adzaone zili pamalo pache. Phale likachotsedwa pamene linagona, nkhani yache yambiri yatayika.

PHINDU LACHE

Mseu wa mthunzi, waukhondo, wopanda mapepala apulasitiki m'ngalande, umaimitsa mlendo. Mlendo akaima amagula mango, chosema, mphasa kapena mpunga wa ku Bwanje, ndipo akapeza chizindikiro chomuuza kuti pano panali chakuti, amakhalitsa nafunsa zambiri. Koma phindu lalikulu si la mlendo, pakuti mlendo ndi mame. Ndi la mai uja wopita ku chipatala, la mlimi wa mpunga amene ngalande yache siikwiririka, ndi la mwana amene adzakula alikudziwa kuti kwao kunali mudzi wa Kalonga.

Mbawa yobzalidwa chaka chino siidzapatsa mthunzi wokwanira kufikira ana a Sitandade 1 atakula. Chomwechonso amene anabzala mitengo ya pa Mua ambiri a iwo sanakhale pansi pache nthawi yaitali. Mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a m'midzi ya Golomoti, Mua ndi Mtakataka amene afuna kuyamba nchito imeneyi aonane ndi mlangizi wa za nkhalango wa m'dera lao mwezi wa Ogasiti usanafike, kuti mbeu ndi machubu a nazale zipezeke nthawi ikadalipo.